Mutu 9: Mtengo wa Galimoto Youkitsidwa

Aliyense amene adakhalapo pa Nsaru m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, pamene mabelo a fodya ali pa ulendo wa ku Kanengo ndipo ndalama zayamba kulowa m'matumba a alimi, adziwa kuti nyengo imeneyi imadzutsa ngakhale zinthu zimene anthu adaziiwala kalekale. Galimoto imene idagona zaka zambiri pa njerwa kuseli kwa sitolo, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala, imaoneka tsiku lina itaima ndi matayala ake anayi m'mphepete mwa msewu wopita ku Kasiya, penti ili waliwali, pagalasi atamatapo pepala lolengeza malonda. Anthu amaizungulira, wina kugogoda chitseko ndi chala, wina kugwada n'kusuzumira kunsi, ndipo onse amafuna kumva kuti mwini wake akuti zingati. Koma pali funso lina lozama kuposa limeneli, ndipo ndi limene mutu uno ufuna kufukula: kodi munthu wogula galimoto yakale yokonzedwanso amalipira chiyani makamaka, chitsulo, thukuta la wokonzayo, kapena kanthu kena kosaoneka ndi maso?

Kuti tiyankhe bwino tiyenera kuyamba taoloka nyanja, pakuti ku America malonda amenewa adakula kufikira pamlingo wozunguza mutu. Mu Januwale 2020, mumzinda wa Kissimmee ku Florida, kampani ya okushoni ya Mecum idagulitsa Ford Mustang yobiriwira ya 1968, penti yake yofwifwa, thupi lake lili ndi zipsera ndi dzimbiri, pa mtengo wa madola 3.74 miliyoni. Chidaikweza chotero n'chakuti ndiyo galimoto imene Steve McQueen adathamanga nayo m'zitunda za San Francisco mufilimu ya Bullitt. Banja lina lidaigula mu 1974, ndipo pamene McQueen mwini adalemba kalata mu 1977 kupempha kuti amgulitse, lidakana, n'kuisunga mwakachetechete zaka zoposa 40. Eni akewo akadachita chimene mtima wa munthu waukhondo umalamula, ndiko kuwongola zipsera zija ndi kupaka penti yatsopano, akadafafaniza ndi manja awo gawo lalikulu la chuma chawo.

Galimoto zamtundu umenewu, zimene eni dziko amazitcha muscle car, zidabadwa mu 1964. Akuluakulu a General Motors adali ataika lamulo loletsa kuika injini zazikulu m'galimoto za msinkhu wapakati. Koma John DeLorean ndi anzake a ku Pontiac, pozindikira kuti anyamata obadwa itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adali atakula, ali ndi ntchito, ndiponso ali ndi ludzu la liwiro, adalizembera lamulolo mwa kulemba injini ya masilinda 8, ya malita 6.4, ngati chinthu chongowonjezera chimene wogula Pontiac Tempest LeMans akadatha kusankha. Adaitcha GTO. Iwo adayembekeza kugulitsa 5,000, koma chaka choyambacho zidatuluka zoposa 32,000. M'mwezi wa Epulo chaka chomwecho Ford idaonetsa Mustang ku New York, ndipo pomatha miyezi 12 zidali zitagulidwa zoposa 400,000. Kuyambira pamenepo udali mpikisano wopanda mpumulo, kampani iliyonse kulimbira kuposa inzake, kufikira mu 1970 pamene Chevrolet Chevelle SS idatuluka ndi injini ya malita 7.4 ya mphamvu za akavalo 450, ndipo Dodge ndi Plymouth adali ndi injini yawo yotchuka ya Hemi, ya malita 7. Kuti awerengi amvetse kukula kwake, akumbukire kuti Toyota Probox imene imanyamula anthu ndi matumba a mtedza m'misewu yathu ili ndi injini yosapitirira malita 1.5. Zilombo zimenezi zinkamwa lita imodzi ya petulo pa makilomita 4 kapena 5, ndipo palibe amene ankadandaula, popeza mafuta adali otsika mtengo zedi.

Ulemerero wake sudakhalitse. Makampani a inshuwalansi, ataona kuchuluka kwa anyamata ofera pamsewu, adakweza malipiro. Boma lidakhwimitsa malamulo a utsi mu 1970. Ndipo mu Okutobala 1973 maiko a Aluya adatseka mafuta, mtengo wake n'kukwera kanayi m'miyezi yochepa. Hemi idaleka kupangidwa mu 1971, GTO mu 1974, ndipo galimoto zimene dzulo lake zidali zosiririka zidasanduka mtolo, zina kugulitsidwa motchipa, zina kuphwanyidwa, zina kuiwalika m'mashedi a alimi. Patapita zaka 20 kapena 30, anyamata aja, tsopano ali ndi imvi ndi chuma, adayamba kufunafuna galimoto za unyamata wawo, napeza kuti zatsala zochepa. Apo ndipo padachokera mitengo ija. Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 ya denga lotsegula, imene zidapangidwa zosapitirira 12, idagulidwa madola 3.5 miliyoni ku Seattle mu 2014.

Tsono pamene pali uchi sipalephera ntchentche. Popeza GTO yoyambirira idali LeMans yowonjezeredwa zina, munthu wochenjera ankatha kutenga LeMans wamba, kuikamo injini yaikulu, kumata zizindikiro, n'kuitchula dzina la mbale wake wolemera. Chifukwa cha ichi ogula a kumeneko adaphunzira kusakhulupirira maso okha. Iwo amayang'ana nambala yodindidwa pa injini ndi pa giyabokosi kuona ngati igwirizana ndi nambala ya galimotoyo. Amafunafuna pepala la ku fakitale, limene antchito nthawi zina ankalisiya kunsi kwa mpando kapena pamwamba pa thanki. Amalembera osunga mabuku akale a Ford kapena a Pontiac kuti atsimikize mtundu wa penti ndi zida zimene galimotoyo idatuluka nazo. Galimoto ziwiri zikhoza kuima limodzi, zofanana ngati mapasa, zothamanga chimodzimodzi, koma imene ili ndi injini yake yobadwa nayo n'kugulidwa mtengo woposa inzakeyo kutalitali. Chimene amagula, mwa kunena kwina, ndi umboni wakuti chinthucho ndi chomwe akuti chili.

Awerengi ena afunsa kuti nanga zonsezi zikukhudza bwanji munthu wa kwa Kabudula kapena wa ku Nambuma. Chigawo chino chidadziwa galimoto chifukwa cha fodya. Pamene A. F. Barron ndi Roy Wallace adatsegula munda wa Mbabzi mu 1920, nayamba kugawa mbewu ya fodya wa chikopa kwa anthu a m'midzi yozungulira, padafunika malole oti azitsitsa fodyayo kumwera, popeza njanji idafika ku Salima mu 1935 ndipo ku Lilongwe mochedwa kwambiri. M'masiku amenewo Ford ndi Chevrolet sizidali zachilendo mu Africa yolamulidwa ndi Britain, chifukwa Ford ya ku Canada inkapanga galimoto za chiwongolero cha kumanja zotumiza m'maiko a ufumuwo, ndipo ku Port Elizabeth kudali kutatsegulidwa mafakitale, ya Ford m'zaka zoyambirira za m'ma 1920 ndi ya General Motors mu 1926. Koma GTO ndi Hemi zidapangidwira misewu yotakata ya kwawo, zili ndi chiwongolero kumanzere ndi mimba yokwawa pansi, kotero kuti matope a Januwale a ku Nsaru akadazimeza pa dambo loyamba.

Amene adakumana ndi abale ake a galimotozi ndi makolo athu a ku Joni ndi ku Halale. Ku South Africa, Chrysler Valiant idali pakati pa galimoto zogulidwa koposa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo m'makomboni a anthu akuda idatchuka ngati takisi yonyamula anthu oposa muyeso wake minibasi zisanabwere. Ku Johannesburg, Basil Green ankatenga Ford Capri n'kuikamo injini ya masilinda 8 ya malita 5, yamtundu wa Mustang, naitcha Perana. Ndipo General Motors, pofuna kuyankha, idapanga Chevrolet Firenza Can-Am zokwana 100 mu 1973, zimene lero osonkhanitsa galimoto a dzikolo amazifuna ndi nyali. Amuna a kuno amene adapita ku migodi pa Wenela ayenera kuti ankaziona zikudutsa, koma pobwerera ankadza ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi sutikesi; ndipo ulendowo udaduka mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, udayambanso mu 1977 pa Theba, n'kutheratu mu 1988. Galimoto idali ya owerengeka. Zimene zidazika mizu m'dera lino, makamaka chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chitalambula misewu ya m'midzi kuyambira 1968, ndiponso alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, zidali Land Rover, malole a Bedford, Peugeot 404 ndi 504, Toyota Stout ndi Hilux, ndi kabokosi kaja ka Datsun, kamene Nissan idapitiriza kukapanga pafupi ndi Pretoria kufikira 2008. Izi ndizo nkhalamba zathu, ndipo wofuna kuukitsa imodzi mwa izo amakumana ndi mafunso omwewo amene amasautsa mnzake wa ku Florida.

Ntchito youkitsa njolemetsa kuposa momwe ambiri amaganizira poyamba. Woichita mwachilungamo amachotsa thupi pa chasisi, kupala dzimbiri kufikira chitsulo choyera chioneke, kudula powola ndi kuwotcherera chitsulo china. Amatsitsa injini, kukaboola masilinda ndi kukapala kirankishafiti kwa amisiri a makina mumzinda, n'kufuna mapisitoni ndi maring'i a saizi yokulirapo. Amasintha mapaipi a mabuleki, mawaya amene makoswe adatafuna, malabala a m'magalasi, ndi mipando. Chilichonse mwa izi chili ndi ulendo wake wa ku Biwi kapena ku Malangalanga, ndipo chosapezeka kumeneko amachiitanitsa pa basi ya ku Joni, mtengo wake wowerengedwa m'ndalama zakunja. Tsono amene adayamba ntchito yotere kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 adaimaliza pa mtengo umene sadaulote. Palinso nkhani ya mafuta, imene ambiri saiganizira. Injini zakale zidapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza mipando ya mavavu, ndipo petulo wotere adaleka kugulitsidwa m'maiko a kuno cha m'ma 2006. Komanso dziko lathu, kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba kutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, limasakaniza ethanol mu petulo, ndipo ethanolyo amadya malabala akale a m'kabuleta ndi a m'mapaipi. Wokonza wanzeru amasinthiratu zimenezi, ngakhale kuti wogula sadzaziona.

Apa ndipo pagona chowawa cha nkhani yonse, ndipo n'chimodzimodzi ku Florida ndi ku Mpingu: kawirikawiri woukitsa galimoto sabweza zonse zimene adalowetsa. Iye poika mtengo amawerenga malisiti ake, maulendo ake, Masabata amene adagona kunsi kwa galimoto anzake ali kutchalitchi. Koma wogula sadagone nawo kunsiko, ndipo chikondi cha munthu wina sichilipiridwa. Wogula amayerekeza galimotoyo ndi zina zimene ndalama yomweyo ikhoza kugula, ndipo masiku ano, pamene munthu wa pa Namitete akhoza kusankha galimoto ku Japan pa foni yake n'kukaitenga ku Dar es Salaam kapena pa Songwe, mpikisano umenewo ngwoopsa. Ine ndiona kuti woyamba ntchitoyi ndi cholinga cha phindu wasokera njira. Aiyambe chifukwa aikonda galimotoyo kapena aifuna pa ntchito, ndipo ngati tsiku logulitsa lifika, alandire kuti zaka zimene adakondwera nayo ndi gawo la malipiro ake.

Koma ngakhale wovomera kuluzako ayenera kudziwa msanga, asanamasule nati yoyamba, kuti adzagulitsa kwa yani, pakuti ogula alipo a mitundu iwiri ndipo zofuna zawo n'zotsutsana. Woyamba ndi mlimi kapena wa geni, amene afuna galimoto yoti inyamule feteleza mu Novembala, mabelo mu Meyi, maliro ndi odwala chaka chonse. Kwa iye Land Rover yoikidwa injini ya dizilo ya Toyota ndi yabwino kuposa yokhala ndi injini yake yeniyeni, chifukwa imamwa pang'ono ndipo masipeya ake ali paliponse. Chiyambi cha galimotoyo alibe nacho ntchito. Wachiwiri ndi wosonkhanitsa zakale, wa mumzinda kapena wa kunja, pakuti Land Rover zakale ndi Toyota Land Cruiser za mtundu wa 40, zopangidwa pakati pa 1960 ndi 1984, zili ndi ozifuna ambiri ku Ulaya, ku South Africa ndi ku America, kumene lamulo limalola kulowetsa mosavuta galimoto yakwanitsa zaka 25. Kwa munthu ameneyu injini ya Toyota ija ndi chilema, penti ya mtundu wachilendo ndi chilema, ndipo akadakonda kuipeza galimotoyo ili yofwifwa koma yosasokonezedwa. Wofuna kukondweretsa onse awiri sakondweretsa aliyense. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo ngati mwini wasankha kusintha injini, monga ambiri a kuno ayenera kuchita chifukwa cha umphawi wa masipeya, asataye yakaleyo: aithire oyilo, aiphimbe, aiike pakona pa shedi, popeza chitsulo chakufacho chikhoza kudzakhala chinthu choyamba chimene wogula wachiwiri uja adzafunse.

Likafika tsiku lotsatsa, mwambi wakale uja wakuti malonda ndi m'maso umagwira ntchito, koma uli ndi mnzake woutsutsa, wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wogula wochenjera amayenda ndi yonse iwiri. Alimi a fodya adziwa mchitidwe wa ena amene amaika masamba abwino pamwamba pa belo ndi zinyalala pakati, ndiponso manyazi amene amagwa beloyo ikang'ambidwa pa okushoni pamaso pa anthu. M'malonda a galimoto mchitidwe womwewo umachitika ndi phala lija lomata pa mabowo a dzimbiri, limene likapakidwa penti limaoneka ngati chitsulo kufikira dzinja loyamba. Maginito aang'ono okulungidwa m'kansalu amaulula chinsinsicho, chifukwa pa phala sagwira (kupatula pa Land Rover, imene thupi lake ndi la aluminiyamu, ndipo pamenepo poyang'ana ndi pa chasisi ndi pa khoma la kutsogolo kwa mapazi). Wogula afike m'mamawa injini isanalizidwe, aigwire ndi dzanja kuona ngati ili yozizira, pakuti injini yotopa imabisa matenda ake ikatenthedwa. Utsi wabuluu umanena za oyilo wopsa, utsi woyera wosaleka umanena za madzi olowa m'masilinda, ndipo oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndi mboni yakuti gasiketi yapsa. Wogulitsa woona mtima saopa mayeso amenewa. Iye amakhala atajambula zithunzi pa foni ntchito ili m'kati, chitsulo chili poyera penti isanapakidwe, ndipo amasunga malisiti onse m'chikwama chimodzi. Ndipo chodabwitsa n'chakuti kutchula yekha chilema chotsala, monga giya yachiwiri yokukuta kapena geji ya mafuta yosagwira, kumalimbitsa mawu ake ena onse.

Za kunenerera sindichulutsa mawu, popeza Mchewa saphunzitsidwa luso limeneli. Solomo adaona kale m'masiku ake momwe wogula amanyozera katundu ali pamsika n'kukadzitama atafika kunyumba, ndipo mtima wa munthu sudasinthe. Chofunika n'chakuti wogulitsa adziikire mumtima mtengo umene sadzatsika kuupitirira, monga amachitira a ku America pa okushoni poika mtengo wobisika, umene ukapanda kufikidwa galimoto imabwerera kwa mwini wake. Ngakhale kuti ena olimba mtima, monga eni a Mustang ija, amagulitsa popanda chitetezo chotere, podalira kuti ogula akapikisana adzakwezana okha. Asankhenso nyengo. Wogulitsa mu Febuluwale, nkhokwe zili pululu ndipo fizi ikufunika, amalengeza kusowa kwake asanatsegule pakamwa, ndipo ogula amamva fungo la kusowako ali patali.

Chimene chimagwetsa malonda ambiri a kumudzi si injini ayi, koma mapepala. Monga wa ku America amayang'ana nambala kuti adziwe mtengo, a Road Traffic nawonso amayang'ana nambala ya chasisi ndi ya injini kuti adziwe ngati galimotoyo ndi imene idalembedwa m'bulubuku, ndipo injini yosinthidwa popanda kukalembetsa imadzutsa mafunso a apolisi. Kuyambira 2015, pamene adayamba kugwiritsa ntchito makina a MalTIS otenga zidindo za zala, kusintha umwini kudakhala nkhani yofuna mwini weniweni wolembedwa m'kaundula, osati kakalata kolembedwa pa bondo. Tsono galimoto zakale zambiri zidadutsa m'manja atatu kapena anayi popanda kusintha dzina, ndipo wolembedwayo mwina adasamuka, mwina adatsikira kulichete. Munthu asanawononge khobidi pa kuukitsa galimoto yotere, ayambe waukitsa mapepala ake, ndipo apite yekha ku ofesi m'malo modalira madobadoba a pachipata, amene malonjezo awo ndi okoma koma mapepala awo saima nthawi zonse pa tsiku la mlandu.

Chovuta koposa ndi galimoto ya masiye, ndipo zambiri zogona pa njerwa n'zamtundu umenewu, chifukwa zidaima tsiku limene mwini wake adaikidwa m'manda. Kuno kwathu, kumene mwana amawerengedwa kuchikazi ndipo mwini mbumba ali ndi mawu, si chachilendo kuti mphwake wa malemu aone kuti galimoto ya amalume ake ndi yake, pamene mkazi wamasiye ndi ana nawonso akuti ndi yawo. Ndipo aliyense poopa mnzake, palibe amene amaikhudza kufikira dzimbiri litagamula mlandu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo limati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Wogula galimoto ya masiye afunse amene ali ndi mphamvu ya lamulo yoyendetsa chumacho, kaya kudzera kukhoti kaya kwa bwanamkubwa, ndipo ngakhale pepalalo lilipo, achite mwaulemu, akhale pansi ndi mbali zonse ziwiri pamaso pa a nyakwawa. Abrahamu, pogula munda wa ku Makipela, adakana kuulandira ngati mphatso, nayesa masekeli 400 a siliva anthu a mzindawo akupenya. Ndipo nzeru imeneyo, yakuti mboni zichuluke pa tsiku logula kuti mikangano ichepe pa zaka zotsatira, sidakalambe.

Pa kalandiridwe ka ndalama, fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama zalowa akhoza kuupeka munthu aliyense wodziwa kulemba, choncho makiyi asachoke m'thumba mwini wake asanaone yekha ndalamazo m'akaunti mwake. Kugulitsa pangongole, kwakuti theka lero ndi theka fodya akatuluka, kwaphwanya maubale ambiri, pakuti galimoto yakale ikafa pa mwezi wachiwiri wogula amaona kuti ngongole yafera limodzi nayo. Ndipo wogulitsa asalole galimoto kuyenda m'dzina lake atailandirira ndalama: ikagunda munthu pa Msundwe kapena ikagwidwa ndi katundu wakuba, apolisi adzayamba kugogoda pakhomo la amene ali m'kaundula.

Pali wogula wachitatu amene sitidamutchule, ndipo iye safunsa bulubuku, sayang'ana utsi, sanenerera nthawi yaitali. Amabwera ndi sikelo. Ogula zitsulo zakutha amayendayenda m'midzi kulipira pa kilogalamu, ndipo asanafike iwo amisiri a pamudzi amakhala atayamba kale kugawana mtembowo: ekiselo ndi matayala zimapita kwa wopanga ngolo, masipuling'i kwa wosula nkhwangwa ndi zikwanje, limu imakapachikidwa pa mtengo kusukulu kuti ikhale belu, ndipo aluminiyamu amasungunulidwa n'kuumbidwa mapoto. Sindinganyoze ntchito zimenezi, popeza ngolo yonyamula manyowa imadyetsa banja kuposa galimoto yogona. Komabe ndi njira yomweyi imene idachepetsa GTO ndi Hemi ku America m'zaka za m'ma 1970, pamene palibe amene ankaganiza kuti zidzafunikanso. Banja limene lili ndi Peugeot 404, Land Rover kapena Land Cruiser yakale kuseli kwa nyumba, lisanaitane wa sikelo, lipukute fumbi pa chasisi, lilembe nambala yake, lifunefune bulubuku m'sutikesi ya malemu, lijambule zithunzi mbali zonse zinayi ndi m'kati mwa boneti, ndipo litumize kwa makaniko awiri kapena atatu a mumzinda amene sadziwana, kuti aliyense atchule mtengo wake payekha.